Puloteni ya Wosabadwa

Tinafika ku Ulaanbaatar utsi wa malasha utaphimba dzuwa,
bambo atavala chikhoto chawo cha ubweya wa nkhosa
chimene tsopano chinkawalendewera ngati chobwereka.
Tsiku lathunthu m'basi kuchokera ku Arkhangai,
sanabuule ngakhale kamodzi.
Anangofunsa ngati mlongo wanga wakumbukira
kuswa madzi oundana pomwera akavalo.

Namwino anatunga magazi m'kabotolo kochepa ngati chala.
Bambo anakayang'anitsitsa, nati:
"Kameneka ndiye kadziwe za mawa langa?"

Lachinayi, Dokotala Sarangerel anatembenuzira pepala kwa ife.
Zilembo zitatu: AFP.
Pambali pake zikwi ziwiri ndi mazana anayi,
pamene munthu wabwinobwino sapitirira khumi.
Anati ndi puloteni imene mwana amapanga
akadali m'mimba mwa mayi ake;
akabadwa, chiwindi chimaiwala luso limenelo.
Chotupa ndicho chimakumbukira.
Chimabwerera kuukhanda, chimakula mosamva,
ngati kuli tsiku limene chidzabadwe.

Ndinagwira mimba yanga kunsi kwa tebulo.
Miyezi isanu.
Dokotala anandiona.
"Inunso muli nayo m'magazi," anatero. "Yanuyo ndi ya moyo."

Tinakhala pabenchi ya m'khonde, onyamula awiri,
ine ndi bambo,
magazi athu akutchula liwu limodzi
lokhala ndi matanthauzo awiri.

Bambo sadziwa kuwerenga pepala la chipatala
koma amagwira mchira wa nkhosa udzu ukamauma
n'kudziwa ngati idzaone msipu wa chaka chamawa.
Titabwereranso mkati anafunsa monga afunsira pamsika:
"Nambala yotereyi imadya nyengo zingati?"

Dokotala sanalizembe funsolo.
"Mwa anthu zana a nambala yokwera chonchi,
ambiri chotupa chimawabwerera ngakhale titadula.
Koma inu si zana, a Chuluunbat.
Nambala imandiuza kochokera mphepo,
siinena hema amene idzagwetse."

Bambo anavomera ndi mutu.
Chaka cha chisanu choopsa chija
nkhosa mazana atatu zinauma chiimire,
yotsala inali ija yotsimphina
imene tonse tinaiwerengera kale kwa zakufa.
Sanazinene.
Ndinangoziona zikudutsa pankhope pawo.

Anadula. Maola asanu ndi limodzi
ndikumwa tiyi wa mkaka ndi mchere wozizira kale,
wam'mimbayu akundimenya nthiti
ngati nayenso akufuna kumva uthenga.

Kenako sabata ndi sabata, kabotolo kaja.
Ndinkalemba kuseri kwa khadi langa la sikelo:
chikwi,
mazana anayi,
zana ndi makumi asanu ndi awiri.
Mbali ina ya khadi mwana akulemera,
mbali ina nambala ikuwonda,
ine pakati ndikutembenuza pepala mpaka linafewa ngati nsalu.

Inafika pa makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu
n'kuima.
Sabata yotsatira, pomwepo.
Dokotala anazunguliza nambalayo ndi cholembera chofiira,
osati mwamphamvu.
"Mwina chiwindi chikudzikonza chabe.
Mwina kambewu katsala kwinakwake.
Mubwerenso mu Malichi."

Malichi ndi mwezi wanganso.

Tisanakwere basi bambo anati tidzere kumsika.
Anayenda pang'onopang'ono, dzanja pabala,
kudutsa ogulitsa zishalo ndi zingwe
zimene masiku onse amaima kuzisisita,
mpaka pa mayi wa nsapato za ana.
Anasankha majombo achikopa, ofiirira,
a mwana woyenda kale,
wothamangitsa tiana ta mbuzi.

"Ndi aakulu awa," ndinatero.
"Papita zaka ziwiri asanawavale."

Anawerenga ndalama mosafulumira,
mpweya wawo ukutuluka woyera m'chisanu.
"Inenso ndimadziwa kuwerenga," anayankha,
nawapisa m'chikhoto,
mbali ya kumanja, pamene panali chotupa.