Kabokosi Kakuda

Galimoto ndinagula mapaundi mazana asanu ndi atatu
kwa Gethin wa kuseri kwa tchalitchi,
Corsa yofiira mofwifwa,
fungo la galu wake likadali m'mipando.
Layisensi ndinapata Lachiwiri, ulendo wachitatu kuyesa.
Lachitatu ndinayamba kufunsa za inshuwalansi.

Zikwi zitatu ndi mazana awiri,
anatero mnyamata wa pa foni
mosalala ngati akundininkha mphatso.
Ndinaseka. Iye sanaseke.
Chingwe chadula kuposa mbuzi yake.

Muli ndi zaka zingati? Khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Mumakhala kuti? Port Talbot, kumunsi kwa fakitale ya zitsulo.
Galimoto imagona pati?
Pamsewu, limodzi ndi amphaka.
Yankho lililonse linali ndi mtengo wake.
Sindinagundepo ngakhale bini ya zinyalala,
koma ndikulipira ngozi za anyamata onse amsinkhu wanga
amene sindinakumanepo nawo.
Nsomba ikawola imodzi, akuti, zonse zawola.

Malume Emyr, atagwira kapu ya tiyi ndi manja onse,
anati, ilembetse m'dzina la amako,
iwe uoneke ngati wongobwereka. Adziwa ndani?
Amayi sanakweze maso pa malaya amene ankasita.
Dzina langa, anati, layenda pamsewu zaka makumi awiri
lopanda banga. Sindilibwereketsa bodza.
Undilembe wachiwiri, pansi pa lako,
poti Loweruka ndizipitadi nayo kumsika.
Ndinawalemba. Mtengo unatsika ndi mazana atatu.

Masabata atatu Corsa inangokhala pakhomo,
mbalame za kunyanja zikuipaka zoyera padenga.
Ine pa basi ya mbandakucha
kupita kukasambitsa Bambo Prosser ndi kuwameta ndevu.
Madzulo ndinkalowamo, injini ili zii,
manja pa chiwongolero,
mvula ikuyenda pagalasi, ine osayenda.

Ndinaimbira makampani khumi ndi limodzi.
Manambala ndinkalemba kuseri kwa envulopu ya magetsi
mpaka malo anatha.
Ndinaphunzira kuti wosamalira okalamba
ndi wothandiza anamwino, ngakhale onse ndi ine,
salipira mofanana.
Ndinaphunzira kuti ukalonjeza kudzasenza wekha
gawo lalikulu tsiku la tsoka,
lero amakupeputsirako pang'ono.

Kenako Nerys, mu ofesi yaing'ono pafupi ndi siteshoni,
magalasi ali pamphuno, anati:
kodi ungalole kukwera ndi mboni?
Kabokosi kakuda, kosaposa paketi ya machesi awiri,
kobisala pansi pa chiwongolero.
Kamawerenga liwiro, mabuleki, makona, nthawi.
Chikwi chimodzi ndi mazana asanu ndi limodzi,
kulipira mwezi ndi mwezi.
Usiku sikakondwa nawo, anatero.
Ndinati, Bambo Prosser sasankha ola logwa pabedi.
Anakweza mapewa. Ndinasaina.

Tsopano tilipo awiri m'galimoto.
Mnzangayo salankhula, sapempha wailesi,
amangolemba.
Ndimakhota ngati ndasenza mazira pamutu.
Wa lole kumbuyo kwanga aimbe hutala mpaka atope.

Dzulo, itangokwana leveni usiku, pamsewu wa ku Cwmafan,
nkhandwe inatulukira m'tchire, kamwana kali pambuyo.
Ndinaponda buleki ndi mwendo wonse.
Chikwama chinagwa, maapulo mbwee pansi pa mpando.
Zinaima m'kuwala kwa nyali zanga, zinandiyang'ana,
zinawoloka osafulumira.

M'mawa uno uthenga pa foni:
mwaima mwadzidzidzi, mwayenda usiku,
mapointi anu atsika ndi asanu ndi awiri.
Ndinafuna pondilola kulemba kuti kunali nkhandwe.
Panalibe.

Ndatola maapulo, limodzi ndalipeza pansi pa kilatchi.
Yatsala miyezi khumi ndi umodzi
kuti adzandione ngati munthu amene sanaphe kanthu.
Ndaliza injini. Bambo Prosser akudikira ndevu zawo.