Mapazi Okha

Kachitatu m'mawa uno yandithawa pakati pa kalata.
Ndinali pa "Ine wanu wokhulupirika,"
sikirini n'kusanduka buluu ngati yunifolomu ya pulayimale,
fani kukuta mano ngati kabaza wosowa girizi,
kenako zii.
Mayi wa kalatayo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana khoma.
Anamanganso ndalama pansonga ya chitenje
napita kwa anzanga a kuseri kwa depoti.

Twaibu anafika dzuwa lili paliwombo,
laputopu ya mlamu wake ili m'kathumba ka mpunga,
ija yochokera ku Joni, yagweluka mabatani awiri.
Anagoneka bokosi langa chammbali pa benchi,
masikuluwu anayi nawasunga m'chitsekero cha botolo.
Zimene tinapeza m'mimbamo!
Fumbi la zilimwe zisanu, ulusi wa kangaude,
nalimata wouma atakumbatira waya wofiira.

"Matenda si awa okha," anatero akuuzira.
"Tizilombo tadya mutu. Tifufute zonse."

Zonse?
Umu muli makalata ofunsira ntchito a anyamata a kwa Mponda,
makadi a ukwati wa Abiti Sumani,
ngongole za amayi a banki m'khonde,
dandaulo la malire a puloti lodikira bwalo Lachisanu.
Theka la tauni ino linagona m'bokosi limeneli
ine osalipiritsa lendi.

Anazula hadi disiki, kanthu kosaposa chigumu,
nailumikiza ku laputopu ndi chingwe chobwereka,
ziwirizo kugona moyandikana
ngati wodwala ndi m'bale wake wodzapereka magazi.
Mafayilo anayamba kuwoloka m'modzim'modzi
monga njinga za makala pa mlatho wa Shire,
kamzere kobiriwira kakukwawa,
ife thukuta kamukamu pansi pa malata,
tikupempha chamumtima kuti magetsi asatichite chipongwe.

Ambiri anawoloka. Ena anatsimphina.
Chimodzi chinakanirira pakati pamadzi:
chithunzi cha bambo anga, Che Ajibu,
tsiku lija tinkatsegula shopu ino.
Twaibu anayesa kanayi.
Kachisanu chinatseguka, koma kumtunda konse kuli phulusa.
Nkhope palibe, kofiya palibe,
dzanja lija linali paphewa panga palibe.
Kwatsala mpendero wa mkanjo
ndi mapazi awiri m'nkhwayira, atayima pakhomo pompa.

"Titaye?"
Ndinati koperani chomwecho.

Anaphika fulashi pa laputopu paja,
nabweza disiki m'malo mwake, nayatsa.
Makina anafunsa ngati tatsimikiza.
Anafunsanso kachiwiri, ngati nkhoswe yosafuna mlandu mawa.
Twaibu anachotsa dzanja pa kiyibodi:
"Apa dinani nokha, mwini wake."

Ndinadina.
Panalibe phokoso, panalibe utsi.
Zaka zisanu zinapita mwakachetechete
kuposa kusesa pakhonde.
Ku mzikiti anaitanira swala ya masana,
Twaibu anapita, nandisiya ndikulondera manambala:
khumi ndi ziwiri, makumi anayi,
makumi anayi omwewo mpaka tiyi kuzizira.

Itadzuka inandifunsa dzina ngati mlendo.
Inafunsa dziko, inafunsa nthawi.
Pulinta yomwe yakhala nayo tebulo limodzi zaka zonsezi
inati siyikuidziwa.
Tinazidziwitsanso, uyu ndi uje, uyu ndi uje,
kenako tinabweza anthu m'nyumba zawo,
a ukwati kwawo, a ngongole kwawo.

Chakumadzulo mayi uja anabwerera,
akuti kuseri kwa depoti inki yatha.
Anakhala pa benchi, namasula nsonga ya chitenje,
maso ali pa sikirini yatsopano.
"Nanga mapazi awa ndi a yani?"

Ndinati ndi a eni shopu.
Tiyambirenso, mayi:
kalatayi ikupita kwa ndani?