Kazenera

Pa Kamwendo, kuseri kwa chigayo,
Malizani amabwereketsa kompyuta.
Ndadina katatu pomwe a sukulu ya unamwino
alemba kuti kalata yanu nayi.
Zii.

Ntchentche yokha ikuyenda pagalasi.
Ndayamba kale kusula zokanena kunyumba:
mwina chaka chamawa,
mwina mtedza ukagulika.

Malizani wabwera akutafuna chinangwa,
waloza pakona ndi chala choyera mbuu.
Makinawa ngamantha ngati inu nomwe, akutero,
amatsekereza timazenera todzitsekukira tokha
poti tambiri n'ta ogulitsa mwayi
ndi mphoto za mipikisano yomwe simunalowe.
Koma aka n'kanu. Auzeni alole.
Pano pokha, osati paliponse.

Ndakumbuka bambo.
Chiwabereni njinga
anakhomerera mazenera onse ndi misomali;
Okutobala yense timagona m'thukuta,
wakuba ali panja,
kamphepo nako kali panja.

Ndadina: lolani.

Katulukira, kochepa ngati chikhatho,
m'menemo Esinta Kachigwada,
alakwitsa chilembo chimodzi
koma ndine.

Malizani, siyani chinangwacho.
Magetsi asanathime
sindikizani. Ziwiri.
Imodzi ndikaikoleka pa msomali wa pazenera.