Nsungwi ya Kuseri kwa Kabati

Zaka khumi ndi zitatu ndinasunga nsungwi kuseri kwa kabati,
yodula m'mbali mwa Likhubula,
yosalala ngati mpini wa khasu lakale.
Ana a Sitandade 6 ankaidziwa kuposa masamu.

Sautso Makwinja ndiye ankailawa kwambiri.
Belu lalira kalekale, iye ndi uyo pageti,
kabudula atanyowa ndi mame, maso ali psuu.
Ndikafunsa, duu. Ndikakwapula, duu.
Lachitatu lina anagulula dzino la Lifa
chifukwa cha bolopeni.

Mayi Nakhumwa atabwera kudzakhala ahedi anati,
"Musanamufunse mwana chimene walakwa,
mufunseni kaye mmene wadzukira."
Ndinaseka chamumtima.
Ana makumi asanu ndi atatu,
ndiziyenda nawo mmodzimmodzi ngati dokotala?

Ndinayesa ndithu, mokokera miyendo.
Tinkakhala pachitsa cha bulugama kuseri kwa kalasi,
chiperoni chikutsika m'phiri.
Sabata yoyamba ankangokumba dothi ndi chala chakuphazi.
Yachiwiri pakamwa panatseguka:

"Amayi amalawirira kothyola tiyi kusanache.
Ine ndimasambitsa Enelesi, kumuphikira phala,
kumubereka mpaka kwa azakhali ku Chitakale,
ndiye ndiziyamba kuthamanga.
Bolopeni ija inali ya malemu bambo.
Silemba. Ndimangoyenda nayo."

Ndinasowa poyang'ana.
Msana umene ndinkaulemba mizere m'mawa uliwonse
unali utangotula mwana.

Lifa tinamuitana, anakhala moyang'anizana,
wina kunena za dzino, wina za bolopeni.
Pepani anatuluka movuta, ngati chitsa cha tiyi wokalamba.
Masiku amene Lifa anali kuchipatala
manotsi ake anakopa ndi Sautso,
zilembo zopendekera, koma osadumpha mzere.

Sanasanduke mngelo, ayi.
Dzulo lomweli watukwana kumpira,
koma wabwera yekha kudzandiuza
mphekesera isanafike.
Amachedwabe.
Ndinamusungira malo pafupi ndi khomo,
amalowa mwakachetechete, ndimagwedeza mutu,
iye amadziwa kuti ndafunsa za Enelesi.

Pali ena makumi asanu ndi awiri ndi mphambu
amene sindinakhale nawo pachitsa.
Ena mwina sindidzawafikira chaka chisanathe.

Nsungwi ija ilipobe.
Windo lachitatu linathyoka chogwirira,
ndiyo imalichirikiza
kuti kamphepo ka m'phiri kazilowa.