Woyendetsa Ali Kuti?

Folo koloko, Chibavi adakali m'bulangete la nkhungu,
ine ndikumanga bwato la mphira pamwamba pa lole,
zala zitauma gwa, chingwe chikuluma.
Pa depoti anyamata oitanira amandidziwa:
"Uyo mayi wa madzi uja,
amene mwamuna wake amachapa matewera."
Ndimawakwezera dzanja. Zoona, amachapa,
ndipo amayera kuposa ndikachapa ine.

Msewu umatsika pakati pa mapaini,
umakhota, umakhotanso, mpaka makutu kutseka,
kenako mkokomo.
Mtsinje umamveka usanaoneke,
ngati apongozi anga.

Alendo asanu ndi mmodzi, zipewa zolimba zikuwakhwepa.
Wamtaliyo asuzumira kuseri kwanga,
aona Yotamu akupopa bwato, afunsa:
"Woyendetsa ali kuti?"
Funsoli ndalimva m'zinenero zinayi.
Ndinasiya kuyankha.
Ndimangomumanga lamba wa jekete,
kukoka mpaka mpweya utamuchepera,
monga ndinkamangira mwana kumsana.

Mtsinje uli ndi zilembo zake.
Lilime losalala lija ndi khomo.
Thovu lobwerera m'mbuyo ndi m'kamwa.
Madzi akatukumuka mwakachetechete ngati mimba ya miyezi isanu,
pansi pake pagona mwala.
Izi sindinaphunzire kwa a Msiska
amene anandipatsa satifiketi akuyang'ana kumbali.
Ndinaphunzira ndikumwa,
kapu ndi kapu, m'mphuno mukuwawa,
chaka chimene ntchito yanga inali kulondera nsapato za alendo
ndi kudula mabanzi pagombe.

"Palasani! Akumanzere bwezani! Gonani pansi!"
Mawu awa kutchalitchi amati ndi aakulu kwambiri,
amayi a Umanyano anandiimika kumbuyo kwa kwaya.
Kuno ndiwo chingwe chokhacho
chimene anthu asanu ndi mmodzi agwirira.

Lachiwiri lija la mu Malichi,
madzi atafiira ngati tiyi wa pa Taifa,
pa mwala umene ife timautcha Chigayo
bwato la Yotamu linaima chilili, n'kugadabuzika.
Ndinawerenga zipewa: za alendo zonse zilipo.
Chake kulibe.
Ndinaponya chingwe pamene panalibe munthu,
pamene ndinadziwa kuti madzi amulavulira,
ndipo chinalemera.
Anatuluka ngati khanda lobadwa kumene,
maso ali psuu, akuitana amayi ake m'Chitumbuka.

Usiku ku bala ya ku Luwinga nkhani inasintha,
akuti anasambira yekha.
Ndinamva kwa Dokiso.
Tilipo awiri basi pakati pa amuna khumi ndi anayi,
timasinthira zovala kuseri kwa lole
wina atatambasula chitenje.
Tinaseka mpaka kutsokomola.
Koma m'mawa mwake nkhafi yanga yong'aluka ija
ndinaipeza itamatidwa guluu, itakulungidwa waya bwinobwino,
itatsamira pa tayala.
Palibe ananena kanthu.
Inenso ayi.

Ndimafika kunyumba kutada,
mvumbi ukunong'ona pa malata,
ndikununkha mphira ndi matope.
Mapewa anga sakwananso m'bulauzi ya paukwati.
Malipiro anga amachepa ndi masauzande asanu
poyerekeza ndi a munthu amene ndinamuwedza.
Ndafunsa katatu. Mawa ndikafunsanso.

Pakhonde Tiyezge wadzaza beseni lochapira,
waikamo chivundikiro cha botolo ndi nyerere zitatu,
akuvundula ndi supuni, akukuwa:
"Gonani pansi! Gonani pansi!"
Bambo ake akuti atsitse mawu, anthu agona.
Ine ndikuvula nsapato zonyowa,
ndikukhuthula mchenga wa mtsinje pa sitepe,
ndikuti, musiyeni,
nyerere zakumbuyo sizinamve.