Loweruka mu Msewu wa Jules

Zaka zitatu ndi miyezi inayi
ndikudula kapinga wa eni ake ku Randburg,
ndikupinda marandi m'sokosi yopanda inzake.
Lero ali m'thumba la m'kati mwa jekete,
akundiotcha pachifuwa ngati khala.

Mu Jules magalimoto amaima mizere
atadzola ngati ali pa chinkhoswe,
mitengo italembedwa ndi choko pagalasi.
Iliyonse ikundiponyera diso.

Ndatengana ndi Che Ajilu a ku Mayfair,
makaniko wa zikhadabo zakuda,
amene sapatsa moni utoto.
Ine maso ali pa yasiliva,
ya mipando yachikopa,
wailesi yogunda mpaka m'chiwindi.
Ndadziona kale ndikutsika pa Ntcheu,
makiyi akulendewera pachala.

Che Ajilu agogoda chitseko ndi chala chimodzi.
Chikulira ngati mphika wong'aluka.
Ayala katoni pansi, alowa chagada,
atuluka akupukusa mutu.
"Chikomekome cha nkhuyu, mwana iwe.
Iyi inagonapo miyendo m'mwamba."

Wogulitsa, wa dzino lagolide,
akulumbira m'zilankhulo zitatu
kuti mwini wake anali dokotala,
kuti sinatulukepo mu Joni muno.
Mita ikumuvomereza.
Koma chopondera buleki chasalala
ngati sopo wa kumapeto kwa mwezi,
ndipo phazi silidziwa kunama.

Tinapita kwina. Kenako kwinanso.
Ya buluu inatsokomola utsi,
yofiira inalibe mapepala,
ndipo munthu wa pasipoti yachilendo
sasewera ndi mapepala.

Dzuwa litapendeka tinakapeza kuseri,
pafupi ndi mpanda, pogona galu:
koyera kale, tsopano kotuwa,
denga lonse zipsera za matalala,
galasi la kumanzere lomangidwa ndi waya.
Ndinaseka.
Che Ajilu sanaseke.
Anasolola kachitsulo ka oyilo, nanunkhiza,
nawerenga nambala ya injini kawiri
chala chili papepala,
ngati mwana wa sitandade wani.
Kiyi kamodzi kokha, kanadzuka.
Anatseka maso, khutu pa boneti,
nthawi yaitali ndithu.

"Aka sikamwa petulo, kamangonyambita.
Zipangizo zake zili pa ngodya iliyonse.
Ndipo mbava za kuno
sizingataye tulo chifukwa cha aka."

Tinanenerera mpaka malovu kuuma.
Tinachoka, natiitana. Tinachokanso.
Ndinawerenga ndalama nditafulatira msewu,
manja akunjenjemera,
pepala lililonse likundikumbutsa bwalo lake:
ili la kwa mayi wa agalu anayi,
ili la tsiku lija chisanu chinandidula zala.
Zotsala zinakwana petulo wa theka
ndi Fanta ya Che Ajilu.

Pa maloboti oyamba kanandizimira.
Mataxi kumbuyo akulalata ndi mahutala,
omwewo ndinkawadikira pa Bree
nkhuku zisanalire, ngati kuno kuli nkhuku.
Ndinapuma. Ndinaliza. Kanavomera.

Madzulo ndinapinda mpando wakumbuyo:
makina odulira kapinga analowa,
reki ndi fosholo pambali pake,
chitseko n'kutsekeka popanda kukankha.
Mawa ntchito ndikaifuna ndekha.

Ndinajambula chithunzi, n'kutumiza kumudzi.
Lonjezo anayankha ndi mawu ake enieni:
"Adadi, ndi yomweyo?
Nanga bwanji yachepa?
Ikula?"

Ikula, mwanangu.
Disembala tidzaona ngati Beitbridge
ndi kutentha kwa ku Tete
zidzakalole kufika pa Dedza.

Usiku uno mu Rosettenville
ndadzuka katatu kusuzumira pakatani.
Kali pomwepo, pansi pa getsi la mumsewu,
konyansa, kofatsa,
dzina langa lili m'mapepala ake.