Chitseko Chachinayi

Mvula ya ku Bergen sidziwa mwambo wa asilikali.
Yagwera malipenga, yagwera mbendera,
yanyowetsa pepala la mkulu wa ankhondo apanyanja
mpaka mawu oti "kulimba mtima" ayamba kusungunuka.
Ife otsala, khumi ndi mmodzi, tandanda padoko
m'majekete amene kale ankatithina, lero akutikhwepa.

Kaputeni Torleif Aanestad, senderani kutsogolo.
Wasendera, ndodo patsogolo, mwini wake pambuyo.

Akuwerenga: maola makumi atatu pansi pa nyanja,
mabomba makumi asanu ochokera pamwamba,
sitima yothyoka nthiti anaifikitsa kwawo,
amuna makumi atatu anaonanso dzuwa.
Zonsezo n'zoona. Ndinalipo.
Ine ndinali makutu a sitimayo,
zomvera kumutu, maso otsinzina,
kutsata injini za adani zikupapasa pamwamba pathu
ngati munthu wofuna singano mumdima.

Koma pepalalo silinena za fungo:
dizilo, masokosi a masabata atatu,
utsi wa mabatire wolasa m'maso.
Silinena kuti tinavula nsapato kuti tisamveke,
kuti Gunvald wophika anakulunga masupuni m'bulangete,
kuti machesi ankakana kuyaka poti mpweya unali utaguga.

Silinenanso za chitseko chachinayi.

Bomba lachisanu ndi chiwiri linang'amba kumbuyo.
Madzi phwaa! ozizira ngati mpeni.
Kaputeni sanakuwe.
Anayang'ana kansonga kosonyeza kuya, kakutsika, kakutsikabe,
ndipo sanatume munthu.
Anapita yekha, n'kupotokola chigudumu cha chitseko
ndi manja ake awiri, mpaka gwa.

Kuseriko kunali atatu:
Eilif Tvedt, wosunga kalata yosamaliza m'chipewa,
Oddvar wa dzino lagolide, amene ndinali naye ngongole ya fodya,
ndi Jostein, kamnyamata ka ku Måløy
kamene lumo linali lisanakadziwe chibwano.

Anagogoda. Ndi sipanala, ndikuganiza.
Enawo ankamva patalipatali;
ine, ndi zomvera zangazo,
ankandigogoda m'chigaza mwenimweni.
Go, go, go.
Go, go.

Kaputeni anaima pambali panga, malaya ali chonyowa.
Anandivula zomverazo mofatsa, ngati mayi wovula mwana chipewa,
nati monong'ona, "Kapume, Sverre. Izi n'zanga."
Anakhala pa kampando kanga, nkhope kukhoma,
namvetsera yekha mphindi makumi anayi
mpaka zii.
Atadzuka anatiuza za mayendedwe a adani,
mawu ali bwinobwino, osanjenjemera,
ndipo tinamutsata, poti panalibenso wina womutsata.

Ngati pali chimene ndingamupatsire mendulo, n'chimenecho.
Koma chimenecho sichilembedwa.

Tsopano zala za mkulu uja zikulimbana ndi kapini;
nsalu yonyowa ikukana kubooka.
Yalowa. Malipenga alira. Sawatcha!
Dzanja la Kaputeni lakwera pang'onopang'ono
ngati likutukula nangula.
Khamu lawomba m'manja, kupatula mayi mmodzi
wa ambulera yobiriwira, mlongo wake wa Eilif,
amene chaka ndi chaka amalandira envulopu yopanda dzina la wotumiza,
ndipo, akuti, sanaitsegulepo,
komanso sanaitayepo.

Mwambo watha. Akutiitanira khofi m'holo ya padoko.
Tikuyenda awiri kumapeto kwa mzere,
iye ndi ndodo yake, ine ndi bondo langa loipa,
nyanja ili phee kumanzere, ngati sinatidyerepo munthu.
Pa phazi lililonse mendulo ikugunda batani lamkuwa:
go, go.
Go.

Anthu amati makutu ake anafa kalekale.
Koma waima. Wandiyang'ana.
Kenaka waika chikhatho pachifuwa, pamwamba pa menduloyo,
ndipo ojambula zithunzi athamangira,
akuyesa kuti akulemekeza mbendera.